Kamapu ka masentimita 5: zimene zimavuta popanga logo ya pulogalamu yowerengera za malo

Amene anakhalapo pa msonkhano wa akatswiri ofufuza za matenda, zaulimi kapena zanyengo mwina anaona kuti kuseri kwa malaputopu ena kumakhala kodzaza ndi timasitika ta ngodya 6, tomatidwa mogundana osasiya mpata. Pa kasitika kalikonse pamakhala dzina lalifupi lachilendo, monga ggplot2 kapena dplyr. Si zokongoletsa wamba ayi. Kalikonse ndi logo ya chida china chake cha pakompyuta, ndipo amene wamata akuuza anzake zida zimene amagwiritsa ntchito, monga mmene mayi wa Mvano amadziwikira patali ndi yunifolomu yake asanalankhule n'komwe.

Pakati pa zidazi pali gulu limene ntchito yake ndi kusanthula ziwerengero potengera malo amene zinthu zachitikira. Eni ake a zida zotere akafika poti apange logo, pamabuka mafunso ambiri kuposa mmene munthu angaganizire. Chithunzi chilichonse chimene angasankhe chimasanduka kamapu, ndipo mapu, ngakhale achepe bwanji, amatha kunamiza maso. Tsono anthu amene ntchito yawo ndi kuchenjeza ena za chinyengo cha mapu sangafune kuti chizindikiro chawo chomwe chigwidwe ndi mlandu womwewo.

Phukusi ndi chiyani, ndipo lifuniranji logo?

R ndi chilankhulo cha pakompyuta chosanthulira ziwerengero. Anachiyambitsa ndi Ross Ihaka ndi Robert Gentleman, aphunzitsi a pa University of Auckland ku New Zealand, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo R 1.0.0 inatuluka pa 29 February 2000. Ndi yaulere, n'chifukwa chake ophunzira ndi ofufuza ambiri amaikonda. Mphamvu yake yagona pa maphukusi. Munthu akapeza njira yowerengera chinthu china, amalemba malangizo ake, kuwamanga pamodzi n'kuwaika m'nkhokwe yotchedwa CRAN, imene inatsegulidwa mu 1997, kuti aliyense atengeko. Lero m'nkhokweyi muli maphukusi oposa 20,000.

Okhudza malo alipo ambiri. Edzer Pebesma ndi Roger Bivand anatulutsa sp mu 2005, ndipo Pebesma yemweyo anabweretsa sf mu 2016 kuti ilowe m'malo mwake. Robert Hijmans analemba raster, kenako terra. Pali spatstat ya Adrian Baddeley, Rolf Turner ndi Ege Rubak, pali gstat, pali spdep. Kunja kwa R kuli GeoDa ya Luc Anselin komanso PySAL ya chilankhulo cha Python. Maina ofanana chonchi, ena a zilembo ziwiri zokha, amasokoneza munthu wongoyamba kumene. CRAN sikakamiza aliyense kukhala ndi logo, koma phukusi lokhala nayo limakumbukika msanga pa tsamba la intaneti, pa chophunzitsira m'kalasi, ngakhalenso pa laputopu paja.

Maphukusi ena savutika kupeza chojambula. Logo ya dplyr ili ndi mapulayazi, popeza ndi chida chokonzera matebulo a ziwerengero ndipo dzina lakelo limamveka ngati la mapulayazi. Nanga munthu angajambule bwanji mfundo yakuti zinthu zoyandikana zimafanana?

Mabanja atatu a ziwerengero za malo

Mfundoyo ndiye tsinde la sayansi yonseyi. Waldo Tobler, katswiri wa jogalafe wa ku America, anaifotokoza mu 1970 kuti chilichonse chimakhudzana ndi chinzake, koma zoyandikana zimakhudzana kwambiri kuposa zotalikirana. Njira zambiri zowerengera zimayamba ndi ganizo lakuti muyeso uliwonse ndi woima paokha. Komatu mukayeza malungo ana 100 a m'mudzi umodzi wa m'mphepete mwa dambo, simunapeze maumboni 100 osiyana, chifukwa anawo akulumidwa ndi udzudzu wochokera m'zithaphwi zomwezo. Amene waiwala zimenezi amakhulupirira zotsatira zake mopitirira muyeso.

Akatswiri amagawa ntchitoyi m'mabanja atatu, ndipo banja lililonse lili ndi chithunzi chake. Apa ndiye pagona nkhani ya logo.

Banja loyamba ndi la madontho, pamene chofufuzidwa ndi malo enieniwo amene chinthu chachitikira: mitengo m'nkhalango, ngozi pamsewu, nyumba za odwala. Chitsanzo chotchuka ndi cha dokotala John Snow. Mu 1854 kolera anapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London, ndipo Snow anaika timizere takuda pa mapu posonyeza imfa iliyonse pa nyumba imene inachitikira. Timizereto tinaunjikana mozungulira mpope wa madzi wa mu Broad Street. Funso la banjali mpaka lero ndi lomwelo: kodi madonthowa aunjikana, atalikirana mwadongosolo, kapena angomwazika mwangozi? Imeneyi ndiye ntchito ya spatstat.

Kujambula madontho pa logo kumaoneka kophweka, koma muli msampha. Munthu akauzidwa kuti amwaze madontho mwachisawawa, dzanja lake limawatalikitsa mofanana, chifukwa diso lathu limadana ndi mpata waukulu kapena kuunjikana. Kumwazika kwenikweni kwa mwangozi sikukhala kokongola chotero: pena madontho atatu amagundana, pena pamatsala bwalo lopanda kanthu. Wogwiritsa ntchito spatstat amaona kusiyanaku nthawi yomweyo. Choncho wojambula wanzeru amauza kompyuta kuti imupangire madonthowo, ndipo ayenera kusankha dala kuti akufuna ounjikana, otalikirana kapena amwangozi, popeza kusankhako kukunena kanthu za phukusilo.

Ena amakongoletsa madonthowo pogawa malo m'tizigawo, mwakuti paliponse m'kachigawo pali pafupi ndi dontho lake kuposa dontho lina lililonse. Masamu ake anawalongosola Georgy Voronoy mu 1908, ndipo Alfred Thiessen anawagwiritsa ntchito mu 1911 powerengera mvula ya dera lonse kuchokera pa malo ochepa oyezera. Chithunzi chake chimakoma m'maso, ndipo kukomako n'kumene kumachititsa kuti anthu ambiri achithamangire mpaka ma logo ayambe kufanana.

Banja lachiwiri ndi la zinthu zimene zili paliponse koma timangoziyeza pa malo ochepa: chonde m'nthaka, kuya kwa madzi a pansi, kuchuluka kwa malungo. Mbiri yake inayambira m'migodi ya golide ya ku Witwatersrand ku South Africa, migodi yomwe ija agogo athu ambiri ankapita kukagwirako ntchito kudzera ku Wenela. Injiniya wa kumeneko, Danie Krige, analemba mu 1951 njira yoyerekezera kuchuluka kwa golide pakati pa maenje ochepa amene abooledwa. M'zaka za m'ma 1960 katswiri wa masamu wa ku France, Georges Matheron, anaikhazikitsa bwino njirayi n'kuitcha dzina la Krige, ndipo lero imadziwika kuti kriging. Ofufuza ogwirizana ndi Peter Diggle wa ku Lancaster University agwiritsapo ntchito njira za m'banja limeneli pojambula mapu a malungo m'boma la Chikwawa.

Chithunzi cha banjali ndi mitundu yosungunukirana bwinobwino, apa pofiira, apo pachikasu. Pa logo chimaoneka chapamwamba. Koma kriging imatulutsa mapu awiri, osati amodzi. Oyamba amasonyeza zimene tikuyerekeza kuti zilipo, achiwiri amasonyeza kukula kwa chikayiko chathu, ndipo chikayikocho chimakula tikamatalikira malo amene tinayeza. Mphunzitsi aliyense wabwino amakalipira wophunzira amene wabweretsa mapu oyamba okha. Logo imasonyeza oyamba okhawo. Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kusiya timadontho ta malo oyezedwa tikuoneka pamwamba pa mitunduyo, kuti woona adziwe kuti zinazo ndi zongoyerekeza.

Banja lachitatu ndi la zigawo, pamene ziwerengero zabwera kale zitaphatikizidwa pa boma, pa dera la mfumu kapena pa wodi. Patrick Moran anapereka mu 1950 muyeso woonera ngati zigawo zoyandikana zili ndi ziwerengero zofanana kuposa mmene mwangozi zikanakhalira, ndipo spdep ndi GeoDa zimagwira ntchito imeneyi. Apa chojambula ndi mapu a zigawo zopakidwa utoto, kapena mizere yolumikiza chigawo ndi anansi ake. Tengani maboma 28 a Malawi. Mukawapaka utoto, diso limathamangira ku Mzimba chifukwa cha kukula kwake, pamene Likoma saoneka n'komwe. Mukajambula mizere ya unansi potengera malire, Likoma amatsala yekha wopanda mnansi chifukwa ndi chilumba, ndipo vuto la chigawo chopanda mnansi ndi lodziwika kwa aliyense amene anagwiritsapo ntchito spdep. Wojambula akalumikiza chilumba ndi kumtunda kuti chithunzi chikome, wapanga chigamulo chimene ofufuza amayenera kuchifotokoza m'malipoti awo.

Phukusi logwira ntchito ya banja limodzi lili ndi mwayi. Logwira zonse zitatu liyenera kusankha chimodzi n'kusiya zinazo, apo ayi logo imadzaza ngati chikwangwani cha malonda.

Chifukwa chiyani ngodya 6?

Palibe lamulo. Ndi chizolowezi chimene chinafala pakati pa olemba mapulogalamu aulere, ndipo kampani ya RStudio, imene inasintha dzina kukhala Posit mu 2022, inachitchukitsa kwambiri pogawa masitika a maphukusi ake. Pali muyeso umene anthu amatsatira kuti masitika ochokera kosiyanasiyana alumikizane: hexagon (chinthu cha ngodya 6) yotalika masentimita 5.08, yotambalala masentimita 4.39, nsonga imodzi italoza m'mwamba. Guangchuang Yu analemba phukusi lotchedwa hexSticker lopangira ma logo otere mkati mwa R momwemo. Pa msonkhano wa useR! wa mu 2018 ku Brisbane, masitikawa anasanjidwa mpaka kupanga mapu a Australia.

Chosangalatsa n'chakuti kwa anthu a ziwerengero za malo, hexagon si chokongoletsa chabe, ndi chida cha ntchito. Mwa zinthu za mbali zofanana ndi ngodya zofanana, ndi zitatu zokha zimene zingathe kuyala pansi osasiya mpata: cha ngodya 3, cha ngodya 4 ndi cha ngodya 6. Mukagawa dera m'masikweya, sikweya iliyonse imakhala ndi anansi 4 ogundana nayo m'mbali ndi ena 4 ogundana nayo pa ngodya pokha, amene ali patali pang'ono. Ofufuza amayenera kusankha ngati a pangodyawo awawerenge, ndipo njira ziwirizi amazitcha maina a zidole za chess, rook ndi queen. Hexagon ilibe mkangano umenewu. Anansi ake ndi 6, onse ogundana nayo m'mbali, onse pa mtunda wofanana. Walter Christaller anaigwiritsa ntchito mu 1933 pofotokoza mmene matauni ndi misika ya kummwera kwa Germany inatalikirana, ndipo mu 2018 kampani ya Uber inatulutsa poyera dongosolo lake la H3 logawa dziko lonse m'ma hexagon. Lonse ndithu? Osati kwenikweni. Chinthu chobulungira sichingakutidwe ndi ma hexagon okhaokha, ndiye H3 imaikamo tizigawo 12 ta ngodya 5, monga mmene mpira wamiyendo wachikale uja ulili ndi zikopa 20 za ngodya 6 ndi 12 za ngodya 5.

Izi zimakopa wojambula kuti aike timahexagon mkati mwa hexagon yaikulu. Kwa phukusi logawa malo motere, palibe cholakwika. Kwa lina, ndi kusocheretsa anthu, chifukwa woona adzaganiza kuti imeneyo ndiye ntchito yake. Vuto linanso ndi la malo olembapo. Nsonga za pamwamba ndi pansi zimadya mpata, ndipo dzina lalitali silikwana. Pamene spatstat inakula mpaka kugawidwa m'maphukusi monga spatstat.geom ndi spatstat.random, maina anatalika, ndipo aliyense wofuna kupangira banja lotere zizindikiro ayenera kupeza njira yoti zifanane ngati za pachibale koma zisiyanitsike.

Mapu enieni: msampha waukulu

Ganizo loyamba la munthu aliyense ndi kujambula dziko lapansi. Ngati ndi lobulungira, mbali iti iyang'ane kwa woona? Ngati ndi loyalidwa, layalidwa motani? Palibe njira yoyalira chinthu chobulungira popanda kuchikoka penapake. Njira ya Gerardus Mercator ya mu 1569 inathandiza oyendetsa zombo chifukwa imasunga ngodya, koma imakuza maiko a kufupi ndi nsonga za dziko. Pa mapu otere Greenland amaoneka ngati wofanana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu pafupifupi ka 14. Mu 2018 Bojan Šavrič, Tom Patterson ndi Bernhard Jenny anatulutsa njira ya Equal Earth imene imasunga kukula koona kwa maiko, ndipo mu 2025 African Union inagwirizana ndi kampeni yolimbikitsa mapu otere. Oikira kumbuyo Mercator amati ndi yabwino pa mapu a misewu ya m'tauni, ndipo akunena zoona. Koma phukusi lowerengera kukula kwa malo likavala logo ya Mercator, anzawo a m'ntchitoyi sadzalephera kuseka.

Malire ndiye amawawa kwambiri. Ife tikudziwa bwino za kumpoto kwa nyanja, kumene Malawi amatsamira pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890 limene linaika malire m'gombe la kummawa, pamene Tanzania amati malire adutse pakati pa madzi. Wojambula wa kutali, amene wangotenga fayilo ya malire pa intaneti, akhoza kulowa m'nkhani ngati imeneyi osadziwa. Mikangano yotere ilipo m'madera ambiri a dziko, ndiye ena amapewa malire a maiko, n'kujambula gombe lokha kapena dera longopeka.

Ena amasankha mapu odziwika kwa ogwiritsa ntchito okhaokha. Aliyense amene anaphunzirapo sf anakumana ndi mapu a zigawo 100 za North Carolina, ndipo wa gstat amadziwa miyeso ya zitsulo za m'dothi la m'mphepete mwa mtsinje wa Meuse ku Netherlands, chifukwa ndi zitsanzo zophunzitsira zimene zimabwerezedwa kawirikawiri. Wa m'gulumo amamwetulira akaziona. Wophunzira wa ku Zomba kapena ku Chipata amene akuyamba kumene sangaone china koma chithunzi chokhotakhota.

Kachizindikiro kooneka ngati dontho la madzi lozondoka, kamene timakaona pa Google Maps, kamanena za kupeza njira, osati kuwerengera. Ambiri amakasiya pa chifukwa chimenechi.

Utoto ndi kukula

Kwa zaka zambiri mapu a sayansi ankapakidwa mitundu ya utawaleza. Vuto lake n'lakuti kuwala kwa mitunduyi sikukwera mwadongosolo: chikasu chimawala kuposa kufiira ndi kubiriwira kumene kwachizinga, ndiye diso limaona malire pamene ziwerengero zangosintha pang'ono. Cynthia Brewer wa ku Penn State anapanga ColorBrewer yothandiza kusankha mitundu ya pa mapu, ndipo mu 2015 Stéfan van der Walt ndi Nathaniel Smith anatulutsa viridis, yoyambira pa pepo wakuda, kudutsa pobiriwira mpaka pachikasu. Imawerengeka ngakhale itasindikizidwa pa makina a fotokope opanda utoto, komanso kwa anthu osasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira, vuto limene pakati pa amuna a kumpoto kwa Ulaya limagwira pafupifupi mmodzi mwa 12. Mbali inayo ya nkhaniyi n'yakuti viridis yafala kwambiri moti logo yopakidwa mitundu yake siionekanso yapadera.

Kukula nako kumalamula. Logo yomweyo iyenera kuoneka bwino pa chinsalu cha pamsonkhano komanso pa kachizindikiro ka pamwamba pa tsamba la intaneti, kamene nthawi zina kamakhala ka ma pixel 16 m'litali ndi 16 m'lifupi. Madontho 200 pamenepo amasanduka phala. N'chifukwa chake logo imajambulidwa koyamba mu fayilo ya SVG, imene imasunga mizere ngati malangizo a masamu ndipo siphwanyika ikakulitsidwa, kenako n'kupangako ma PNG a kukula kosiyanasiyana. Anthu a za malo savutika kumvetsa zimenezi, popeza kusiyana kwa vector (mizere ya masamu, monga SVG) ndi raster (timabokosi ta ma pixel, monga PNG) ndi kumene kumasiyanitsanso ntchito ya sf ndi ya raster ija.

Mwini wake ndani?

Ambiri amaganiza kuti pulogalamu ikakhala yaulere, logo yakenso ndi yaulere. Sizili choncho nthawi zonse. Pali ufulu wa mwini luso, wonga umene COSOMA imateteza kwa oimba ndi olemba, umene umakhala wa amene wajambula pokhapokha ataupereka kwa ena. Palinso chizindikiro cha malonda, chimene ntchito yake ndi kuletsa wina kunamizira kuti katundu wake wachokera kwa inu. Layisensi ya GPL, imene maphukusi ambiri a R amagwiritsa ntchito, imalola anthu kukopera ndi kusintha malangizo a pulogalamu, koma yokha sithetsa nkhani ya chizindikiro cha malonda.

Mkangano wa Debian, gulu logawa mapulogalamu aulere, ndi Mozilla, eni ake a Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, umaonetsa kukula kwa nkhaniyi. Debian imafuna kuti chilichonse chimene ikugawa chikhale chololedwa kusinthidwa, pamene logo ya Firefox inali ndi malamulo oletsa. Mu 2006 Debian inayamba kugawa pulogalamu yomweyo ndi dzina lina, Iceweasel, ndipo dzina la Firefox linabwereranso mu 2016. R Foundation inasankha njira yomasuka: logo ya R ya mu 2016 imaloledwa kugawidwa pansi pa layisensi ya CC-BY-SA 4.0 kapena ya GPL-2. Kwa phukusi laling'ono, chofunika ndi kulemba poyera amene anajambula, layisensi ya chithunzicho, ya zilembo zimene zagwiritsidwa ntchito, komanso gwero la mapu ngati alipo, chifukwa mafayilo ena a malire, monga a OpenStreetMap, amafuna kuti eni ake atchulidwe.

Zimene sizinathe

Ndani ayenera kusankha logo ya chida chimene analemba munthu mmodzi koma akuchikonza anthu makumi ambiri? Ena amati mpikisano ndi voti ndiye chilungamo. Ena amati voti imasankha chithunzi chosakhumudwitsa aliyense m'malo mwa chabwino, komanso mpikisano umagwiritsa ojambula ambiri ntchito yaulere kuti mmodzi yekha apindule.

Hexagon nayo ili ndi oikayikira. Kwa ena ndi chizindikiro cha umodzi wa onse ogwiritsa ntchito R. Kwa ena imapangitsa phukusi kuoneka ngati la banja la Posit ngakhale lisali, ndipo imapatsa chida chosayesedwa bwino maonekedwe a chida chodalirika.

Palinso funso la zimene ziyenera kuchitika phukusi likapuma. Mu October 2023 rgdal, rgeos ndi maptools, zimene anthu anazidalira kwa zaka zambiri, zinachotsedwa pa CRAN. Kodi cholowa m'malo chizitenga maonekedwe a chakale kuti anthu achizindikire, kapena chisiyane nacho kotheratu kuti asasokonezeke?

Ndipo tsopano kwabwera mapulogalamu a AI ojambula chithunzi m'kamphindi. Ofesi yoona za ufulu wa eni luso ku United States inanena mu 2023 kuti chinthu chopangidwa ndi makina popanda luso la munthu sichitetezedwa, pamene maiko ena akuunikabe malamulo awo. Kwa phukusi la ziwerengero za malo pali nkhawa yowonjezera: makinawa amatha kujambula gombe kapena malire ooneka ngati enieni koma osakhala a dziko lililonse. Kodi chida chimene chimadzitama ndi kulondola kwa malo chingavale mapu ongopeka, ngati aliyense akudziwa kuti ndi logo chabe? Ena akuti palibe vuto, ena akuti ayi.